Mbalule Alire pa Finnieston

Wambani ng'oma, anyamata, wambani ng'oma! Kuno n'kwa eni mvumbi, chiperoni cha chaka chonse, chikumba chalefuka ndi chinyontho, phula wazizira ngati mphuno ya galu. Sonkhezani moto. Mpanje ayambe, gunda avomere chapansipansi, mbalule adikire kaye mpaka nditchule dzina. Ine ndine mlendo, ndabwera ndi maso okha ndi jekete yobwereka, koma kwathu adandiphunzitsa kuti pamudzi pa eni sulowa ngati mbuzi. Odi kuno! Odi pa Finnieston, odi mumzinda wa Glasgow, odi m'dziko la Scotland!

Ndiyambe ndi akulu, poti mwana satamandidwa make ali chiimire.

Inu Agogo Clyde! Du, du, du! Inu Madzi-abii, Otsika m'mapiri a nkhosa, Oyenda makilomita pafupifupi 170 osapempha moto pakhomo pa munthu. Inu Osamba mvula tsiku ndi tsiku koma osayera. Inu Odutsa pa Blantyre mayi, Blantyre weniweni, amene wathu uja wa pakati pa Ndirande, Soche ndi Michiru adangobwerekako dzina mu 1876. Ndinu mudapukusa makina a thonje pamene kamnyamata ka zaka khumi, David Livingstone, kankalumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, buku kataliimika pamakina kuti kaziba mawu awiriawiri. Mudakaona kakukula, mudakaona kakupita, simudakafunse kuti ukatani kwa eni Shire. Zikomo Agogo, landirani moni wa munthu wochokera kumene mwana wanu adakafika.

Inu Okumbidwa-mimba! Kale mudali kamtsinje kosaya, madzi akaphwa munthu ankangokwinya chovala n'kukuolokani wapansi. Zombo zikuluzikulu zinkathera kumunsi, ku Greenock ndi ku Port Glasgow, katundu n'kumakwera kumzinda pa timabwato ndi pangolo. Amalonda adakana zimenezo. Adakupanikizani ndi makoma a miyala kuti muzithamanga n'kumadzikokolola nokha, adakukumbani zaka ndi zaka, mpaka zombo za m'nyanja zamchere zidafika pakhomo penipeni pa mzinda. Mtsinje wina amaupembedza, wina amauthawa. Inu adakulimani ngati munda.

Apa gunda atsike mawu. Pali dzina lina lolemera m'kamwa, koma wotamanda wobisa chipsera ndi wonama. Inu Onunkha-fodya. Chuma choyamba cha mzinda uno chidali fodya wa ku Virginia ndi shuga wa ku Jamaica, wolimidwa ndi anthu akuda ogulidwa ngati ng'ombe. Misewu ikuchitirabe umboni: Virginia Street, Jamaica Street, ndi ina yonyamula maina a mabanja a fodyawo, Buchanan ndi Glassford. Ine wa ku Kasungu nkhani ya fodya sindiimva kwa munthu. Ndikumudziwa amene amagona m'chigafa, ndikumudziwanso amene amamanga nyumba yosanja. Yunivesite ya Glasgow, ija nsanja yake imasuzumira pamwamba pa mitengo ya ku Kelvingrove, idadzifufuza yokha mu 2018 n'kuvomera poyera kuti ndalama za ukapolo zidalowa m'thumba mwake. Ambiri amafa nawo m'kamwa mawu otere. Ndatchula, ndadutsa. Mbalule bwerera.

Inu Mayi wa zitsulo zoyandama, Ntchembere yobereka ikuyamwitsa! Comet wa 1812, kachombo ka nthunzi koyamba ku Ulaya kuchita malonda onyamula anthu, ndi mwana wanu. Queen Mary wa 1934 ndi wanu, Queen Elizabeth 2 wa 1967 ndi wanu, onsewo obadwira ku Clydebank. Zaka za m'ma 1900 zikuyamba, amati pa zombo zisanu zilizonse zatsopano padziko, chimodzi chinkatuluka m'mimba mwanu. Nyundo zinkalira kuyambira Govan mpaka kunyanja, ngwe, ngwe, ngwe, amuna akukhoma misomali yamoto mpaka kugontha makutu, amayi kunyumba n'kumadziwa nthawi yotereka mphika ndi kulira kwa huta.

Koma Queen Mary ngwa eni. Ine ndili ndi wanga, lekani ndimutchule mbalule ali m'mwamba. Ilala! Ilala, mwana wamkazi wa Clyde wokwatiwa chitengwa kutali! Adamusula ku Scotstoun, kumunsi pang'ono kwa Finnieston, pa kampani ya Yarrow, mu 1949. Adamulongedza chidutswachidutswa, adamuolotsa nyanja zamchere mpaka ku Mozambique, sitima yapamtunda idamukweza kumtunda kwathu, amisiri n'kumulumikiza m'mbali mwa nyanja, ndipo mu 1951 adayamba kuyandama. Chipitire, sadabwerepo kwawo ngakhale kudzakhuza maliro. Monkey Bay amudziwa, Nkhotakota amudziwa, Likoma ndi Chizumulu popanda iye ndi ana amasiye, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe, Chilumba. Wasenza matumba a chimanga ndi malata, mbuzi ndi njinga, akwati ndi mitembo, ana opita ku sekondale atakumbatira masutikesi achitsulo. Ine ndidagonapo m'munsi mwake mwenimweni, pafupi ndi injini, mutu nditatsamira dengu la usipa la mayi wina wa ku Likoma, mwera ukutikankha, mwana wa eni akusanza pamapazi panga. Sindidadziwe usiku umenewo kuti chitsulo chinkanjenjemera pansi pa nthiti zangacho chidasulidwa ndi manja a kuno. Mkulu wake Chauncy Maples nayenso ngwa mumzinda uno, wa ku Polmadie. Iye adakwera Zambezi ndi Shire m'zidutswa, pa mathithi n'kusenzedwa pamitu ya makolo athu, n'kugwira madzi mu 1901. Kampani ya Mandala, ya John ndi Frederick Moir, ija idatenga dzina ku mandala a m'maso a John, nayo mchombo wake udagwera muno mu Glasgow mu 1878. Ndiye ine pano ndi mlendo wanji? Ndine wakuchimuna, ndabwera kudzaona apongozi. Agogo, mwana wanu tikumusunga. Wakalamba, amadwaladwala, nthawi zina amatha miyezi ali gone ku Monkey Bay amisiri akumupapasa, koma akadzuka amayendabe.

Tsopano Atsibweni. Gunda, ponda mwamphamvu, awa samva zonong'ona.

Inu a Kireni a pa Finnieston! Inu Dzanja-limodzi, Nyamalikiti wachitsulo, Mtali wosawerama, Oima mamita 53 osapempha mpando. Inu Otola matani 175 ngati mayi akutola chitsononkho pabwalo. Chiyambire ntchito mu 1932, ndinu munkalandira mitu ya sitima zapamtunda yosulidwa ku Springburn, yokokedwa pang'onopang'ono m'misewu ya mzinda anthu atandanda kuonerera. Munkaikweza m'mwamba ili lendelende, n'kuitsitsa mwaulemu m'mimba mwa chombo, ulendo wa ku India, ku Egypt, ku South Africa, ku South America. Kumene kudalira sitima m'tchire la eni, dzanja lanu lidayamba lafikako.

Lero muli chimanjamanja. Ndinaima pansi panu khosi mpaka kuwawa, mvula ikundilowa m'mphuno, ndipo ndinaona mbalame zoyera za kunyanja zitandanda pamkono panu ngati adzukulu pamwendo wa agogo. Doko la pambali panu, Queen's Dock, lidatsekedwa mu 1969, kenako adalikwirira ndi miyala ya siteshoni ya St Enoch imene adaigwetsa mu 1977. Siteshoni yakufa kukwirira doko lakufa, manda amodzi mitembo iwiri. Inu nokha adakusiyani chiimire, monga olima amazungulira mlambe poopa eni ake osaoneka.

Pali nkhani ina imene itandifika m'khutu ndinati awa ndi anthu akwathu ndithu. Mu 1987 mmisiri wa zosemasema, George Wyllie, adaluka mutu wa sitima wa udzu, waukulu ngati weniweni, n'kuupachika pa dzanja lanu. Udalendewera pamenepo milungu ingapo, mphepo ikuugwedeza, mzinda wonse ukuuyang'ana. Kenako adautsitsa, adabwerera nawo ku Springburn kumene sitima zenizeni zinkachokera, n'kukautentha anthu akuona. Wa ku Dedza kapena wa ku Mchinji safuna womasulira apa. Chilombo chachikulu chotulukira maliro a munthu wamkulu, choonekera kanthawi kenako n'kupita ndi moto kuti mzimu ugone: zambiri sindinena, za kudambwe siziululidwa pamsewu, koma ine ndinamva fungo la kasiyamaliro. Anthu awa ntchito yawo adailira mwa mwambo. Mbalule, apa lira ndithu.

Tsopano iwe mwini tsiku, iwe Finnieston! Ndikuti iwe, osati inu, chifukwa ngakhale udabadwa mu 1768 wavala ngati kamtsikana ka dzana. Iwe Nkhalamba-yodzola, Gogo wa nsapato zagogoda, Mbuya wometa m'mbali n'kusiya pamwamba! Mfunda wako ndani kuti ndikuthokoze bwino? Mwini malo, Matthew Orr, adakutcha dzina la mphunzitsi wa pabanja pake, m'busa John Finnie. Mudzi wathunthu kutchedwa dzina la aphunzitsi! Kwathu aphunzitsi akapatsidwa nkhuku ndiye kuti chaka chayenda bwino. Chabwino, zikomo aFinnie.

Udakulira mu utsi. Udali wa nkhokwe za katundu, wa mafakitale a injini za zombo, wa onyamula katundu padoko amene ankadzuka osadziwa ngati lero alembedwa ganyu. Madoko atafa udakhala zii, aliyense wodutsa ali pa changu kupita kwina. Koma lendi ikatsika pamabwera ana a matumba obooka ndi mitu yodzaza maloto: ojambula, oimba, ophika. Crabshakk idatsegula kachitseko kake pa Argyle Street mu 2009 n'kuyamba kugulitsa nkhanu ndi nsomba za m'nyanja za Scotland, anzake n'kutsatira mmodzimmodzi ngati nyerere zapeza shuga. Pofika 2016 nyuzipepala ya The Times idakuika patsogolo pa madera onse a Britain amene achinyamata amakhumbira kukhalamo. Iwe Wotola-mwayi-kuukalamba! Iwe Namwali wotha msinkhu kawiri!

Iwe Wolekanitsidwa-ndi-make. Ichi chokha ndikudandaulire. Msewu waukulu wa Clydeside Expressway adaudutsitsa pakati pa iwe ndi mtsinje wako, magalimoto fyuu, fyuu, usana ndi usiku, moti wofuna kukapereka moni kwa Agogo atsike pa siteshoni ya Exhibition Centre, alowe mumpope wautali wofiira wolenjekeka pamwamba pa msewu, aziyenda m'menemo ngati mbewa mu una, njinga mbali iyi, anthu mbali iyo, mpaka akatulukire kutsidya. Mwana wa mlongo wanga, Nabanda, amene amasamalira okalamba mumzinda muno ndipo ndiye adandiitana, anaseka ataona ndikusuzumira uku ndi uku. Anati, "Amalume, musaope, mpweya sutha."

Potulukira pake pali bwalo la zilombo. Uyo Armadillo wa 1997, Ngaka yasiliva, Mamba-pamamba! Amene adamujambula, a kampani ya Norman Foster, ankaganiza za mimba za zombo zovundikirana, koma anthu a mumzinda adangomuyang'ana kamodzi n'kumupatsa dzina la kanyama ka ku America, dzinalo n'kukakamira mpaka eni nyumba adaligonjera. Uyo Hydro wa 2013, Lichero-lotera, Bilimankhwe wausiku wosintha khungu, wofiira, wobiriwira, wamtambo, womeza anthu oposa 12,000 kamodzi n'kuwalavula pakati pa usiku ali ndi njala ndi ludzu. Woimba Rod Stewart ndiye adamutsegula pakamwa. Njala ya anthu amenewo ndiyo idakunenepetsa, Finnieston, usanamize alendo kuti ndi kukongola kokha. Uwo mlatho wa Clyde Arc wa 2006, wooloka mtsinje chopingasa ngati woledzera wodziwa kwawo. Eni mudzi amautcha Squinty Bridge, ndiko kuti mlatho wopotoka. Anthu a kuno ali ngati a kwathu: boma litche dzina lake, iwo atcha lawo, ndipo lawolo ndi limene limakhala. Iyo nyumba yozungulira ya njerwa zofiira, Rotunda, Nkhokwe yopanda chimanga: kuyambira 1895 akavalo ndi ngolo zawo ankalowa m'menemo, chikepe n'kuwatsitsira pansi, n'kuyenda kunsi kwa mtsinje mpaka kukatulukira ku inzake ya kutsidya. Kavalo kuyenda pansi pa madzi osanyowa! Ndikakanena kumudzi adzati ndalawa chamba.

Pabwalo lomweli, mu Novembala 2021, mafumu a maiko adasonkhana pa msonkhano wa COP26 kukambirana za nyengo imene yasokonekera. Malo adasankha oyenera. Mumzinda uno ndi mmene James Watt, akuyenda pa Glasgow Green mu 1765, adatulukira nzeru imene idachititsa injini ya nthunzi kufalikira dziko lonse, malasha n'kuyamba kupsa osalekeza. Mlandu adaubweretsa pakhomo pomwe moto udabukira. Pulezidenti wathu wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adayankhula pamenepo. Boma la Scotland ndilo lidayamba kulonjeza ndalama zopepesera maiko owonongekeredwa ndi nyengo, mapaundi 2 miliyoni, kadontho m'chitsime chouma, koma kadontho koyamba. Atsogoleri adakwera ndege zawo. Patangotha miyezi iwiri namondwe Ana adaphwanya damu la Kapichira dziko n'kukhala mumdima. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagumulira phiri la Soche pa nyumba za anthu a ku Chilobwe. Ndinayenda pabwalopo maso ali pansi, kuti mwina pali mawu ena amene adagwa m'matumba mwa mafumu aja. Ndinangopeza botolo la Irn-Bru lopanda kanthu.

Ena ndingowatchula chodutsa, ng'oma isazizire. Nyumba yakale yopopera madzi ya padoko, imene kuyambira 2017 ikutcheza wisiki. Riverside Museum ya Zaha Hadid, ya 2011, Denga-la-mano-a-sowo, pamene mtsinje wa Kelvin umagwera mu Clyde, chombo cha Glenlee cha 1896 chitakocheza pakhomo pake ndi milongoti itatu. Kelvingrove, Nyumba yofiira ya 1901, Yolowa-ulere, mmene njovu Sir Roger yaima chiimire pansi pa ndege yankhondo ya Spitfire yolendewera kudenga, limba lalikulu likulira masana alionse, ndipo Yesu wojambulidwa ndi Salvador Dalí umamuonera chakumwamba ngati ndiwe mbalame. Ndi iwe salmon, mpasa wa kuno, amene udathawa zonyansa za mafakitale kwa zaka zoposa zana n'kudzabwerera m'ma 1980 nyundo zitatonthola. Amuna akutuluka pachipata ndi makalata otha ntchito, iwe ukulowa pamtsinje ndi mazira.

Tiyeni kumtunda, mpanje fulumira, mimba yayamba kuyankhula. Iwe Argyle Street, Mkanda-wa-nyali, Msewu wa fungo khumi! Iwe wa nyumba za miyala zosanjikana kanayi, khomo limodzi mabanja angapo, pansi pake mawindo owala. Iwe wa anyamata a ndevu zopesa ndi mafuta, ovala zipewa za ubweya ngati asodzi pomwe sadagwirepo nkhafi. Iwe wa atsikana otema mphini mikono yonse, mphini zomwe zija amishoni ankanyoza pa agogo athu aakazi. Iwe wa agalu ovala majekete, olowa m'malo omwera n'kupatsidwa mbale yawoyawo ya madzi. Wanga wa kumudzi akadaona akadasiya kusaka. Iwe wa khofi wojambulidwa tsamba pamwamba, woti munthu umachita manyazi kumutakasa. Iwe wa Hidden Lane, kanjira kobisala kuseri kwa khonde, ukalowa n'kupeza tinyumba topaka chikasu, pinki ndi buluu, muli oumba mbiya, osula ndolo, ojambula, ndi tiyi wa m'makapu a maluwa osafanana. Kumtunda kwako denga lagolide la kachisi wa Asikh pa Berkeley Street likunyezimira ngakhale dzuwa lidapita kukacheza kwina.

Tinalowa pamalo ena, dzina ndasunga. Mnyamata waulemu, chipini pamphuno, anatifotokozera kuti kuno chakudya chimabwera m'timbale ting'onoting'ono togawana. Ndinati mumtima, kugawana ndiye kwathu, tidakulira m'mbale imodzi. Kanabwera koyamba: nkhono za m'nyanja ziwiri, zosaphika, zitagona pa madzi oundana. Nabanda anati, "Amalume, osatafuna kwambiri, ingomezani." Ndinameza nyanja yonse ndi mchere wake. Kanabwera kachiwiri: nkhanu zazitali zofiirira, amati langoustine, maso ali tong'o kundiyang'ana. Apa ndisaname, nditaswa chigoba n'kuviika mnofu m'batala wa adyo ndinatseka maso, ndipo ndinakhululukira mvula yonse ya tsikulo. Kachitatu: karoti mmodzi, wowotcha, womung'amba pawiri, atamugoneka pa kadontho ka msuzi woyera, timaluwa titatu pamwamba ngati mkwatibwi. Karoti, amene pa Lizulu amakuikira basera ukagula kabichi! Ndinamudya mwaulemu, pang'onopang'ono, monga umadyera kwa apongozi. Bilu itabwera ndinayamba kuisandutsa makwacha m'mutu. Nabanda anandigwira dzanja nati, "Amalume, kuno sitiwerengera m'makwacha, BP ingakwere." Ine ndinali nditafika kale pa matumba a feteleza. Iwe Finnieston, Wokhutitsa-maso, Mbale-yaikulu-ndiwo-pakati, Wodyetsa lilime n'kuiwala mimba! Luso uli nalo, ndavomera ndi manja awiri. Koma amuna ankakweza sitima aja ukadawapatsa karoti ameneyu, kireni ikadakugwera.

Madzulo tinakhala mu Ben Nevis, bala ya miyala ndi matabwa, mabotolo a wisiki atakwera khoma mpaka kudenga. Pangodya achinyamata anatulutsa mavayolini, chitoliro ndi kang'oma kopyapyala kogwirira m'manja. Panalibe wolengeza. Wina anangoyamba, anzake n'kulowa, mapazi a bala yonse n'kumagunda pansi. Apa ndiye ndinakupeza usanadzole, Finnieston, ndipo unali wokongola kuposa masana. Pafupi nane panali mdala wa manja ngati makasu. Anandiitana kuti "pal", ndiko kuti bwanawe, osandifunsa n'komwe dzina. Chingerezi chake chinkathamanga ngati Ruo wa mu Febuluwale, ine n'kumangotola mawu awiri pa khumi, Nabanda akundilumikizira. Bambo ake ankakhoma misomali ya zombo, adamwalira osamva ngakhale kugogoda kwa pachitseko. Iye mwini adawotcherera zitsulo ku Govan, ndipo adalipo mu 1971 pamene boma lidakana kupulumutsa mafakitale a zombo, antchito motsogozedwa ndi Jimmy Reid ndi anzake n'kukana kunyanyala: adalanda zipata, adakhala mkati n'kumapitiriza kumanga zombo, kuti dziko lione kuti ntchito ilipo, manja alipo. Sitalaka yogwira ntchito! Adabadwira m'nyumba ina ya mumsewu womwewu, chipinda chimodzi ana asanu, chimbudzi cha pamasitepe chogawana ndi anansi. Lero mdzukulu wake sangaikwanitse lendi ya chipinda chomwecho. Amakhala kutali, amabwera pa basi kudzatsuka timbale tija. Mdalayo sanadandaule. Anangokweza mapewa, nati bola nyali zikuyaka.

Nditamuuza za Ilala, kuti akuyendabe, anaika tambula pansi. Anandifunsa kawiri. Anafunsa chaka, ndinamuuza. Anawerenga pa zala zake zopindika. Kenako anatembenukira kwa anzake n'kuwauza mokweza, ndipo pa zonse zimene ananena ndinamva bwino liwu limodzi lokha: "Clydebuilt." Chomangidwa pa Clyde. Umenewo ndiwo mfunda wawo, amautchula monga ife titchulira Phiri kapena Mbewe, chifuwa chili patsogolo. Anandigulira kachasu wa kwawo, wonunkha utsi ngati nsomba yowamba, ndipo sanalole kuti ndibweze.

Tinatuluka usiku, mvula ikuwaza ngati ufa wosefa. Kumunsi Hydro anali atasanduka wobiriwira, Atsibweni ali bii pambali pake, dzanja chitambasulire. Ndinavula chipewa. Nabanda anati, "Amalume, basi yomaliza." Tinathamanga.

Kunyumba, kachipinda ka pamwamba kutali ndi nyali zako, mwanayo sanandifunse ngati ndakhuta. Anangotereka mphika. Ufa ndi womwe ndinabwera nawo m'sutikesi, woyera, wa pa chigayo cha kwathu. Ndiwo ndi usipa wa ku Likoma umene mlamu wanga adautumiza pa Ilala mpaka ku Nkhata Bay: kansomba kakwera mwana wa Clyde, kakwera basi, kakwera ndege, kadzagwera m'poto mumzinda womwe chombocho chidasulidwira. Mthiko unayamba kugunda m'mbali mwa mphika, du, du, du, nthunzi ili pawindo, alamu ya utsi ili pafupi kulira, mtsikana akuyang'ana wotchi chifukwa 6 koloko m'mawa ali ndi agogo a eni oti awasambitse. Ndinasamba m'manja. Ndinatema mbamu yoyamba, ndinanyemako kachidutswa n'kuika m'mphepete mwa mbale: ka Agogo Clyde, ka Atsibweni a dzanja limodzi, ka mdala wa manja ngati makasu. Zikomo aFinnie. Zikomo Nabanda. Anyamata, tsitsani ng'oma, muiike pafupi ndi hita, mawa isalefuke.